Kandimverere saimba jazz

Pali matenda awiri amene agwira anyamata athu ofuna kuphunzira gitala ya jazz, ndipo lero ndati ndiwatchule maina poyera, wokwiya akwiye. Oyamba ndi matenda a mapepala. Achiwiri ndi matenda a zida. Onse awiri anafika kale kwathu ku Ntcheu, ndipo sanavutike n'kukwera basi ayi, anangolowera pa foni.

Masiku ano mukaima pa boma la Ntcheu, pa Lizulu, pa Kampepuza ngakhale pa Tsangano, simulephera kupeza mnyamata woimba gitala ku tchalitchi amene mtima wake uli pa jazz. Zimenezo n'zokondweretsa ndithu. Koma tamufunsani kuti akuphunzira bwanji. Akutulutsirani foni. M'menemo mwadzaza mapepala a ma solo a Wes Montgomery, Joe Pass ndi George Benson, olembedwa ndi munthu wina wa kutsidya kwa nyanja, okhala ndi timanambala tosonyeza kuti chala ichi chigwire apa, icho chigwire apo. Eni ake amati ma tab. Akuonetsaninso zithunzi za magitala a Gibson ndi Ibanez, ma ampu a Fender ndi Roland, ndi timabokosi toponda ndi phazi tosinthira kaliridwe ka gitala. Akatero apumira m'mwamba, amvekere: "Akulu, ine chikundibweza m'mbuyo ndi zida basi." Tsono inu muimbireni mluzu kanyimbo kakafupi, koti mwana wa sitandade 3 akhoza kukabwereza, mumuuze kuti akapeze pa gitala yakeyo. Muona thukuta lili kamukamu.

Tiyambe ndi mapepala. Oimba jazz ali ndi mwambo wakale womvetsera chimbale cha katswiri n'kutola zimene waimba, noti ndi noti, kenaka n'kuzilemba. Mwambowu ndi wabwino, ndipo ine ndimaulemekeza. Koma phindu lake lagona pa kutolako. Lagona pa maola amene munthu wakhala khutu lili pa sipika, kubwereza kachigawo kamodzi kakhumi, kulakwa, kubwerezanso, mpaka khutu ndi chala zitagwirizana. Pepala ndi chiphaso chabe chosonyeza kuti ntchito ija inagwiridwa. Nanga ukatenga chiphaso cha mnzako, ntchitoyo wagwira ndiwe? Nzimbe akakutafunira wina, madzi wamwa ndi iyeyo, iwe walandira zinyalala. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo pepala la solo lolembedwa ndi munthu wina ndi kandimverere weniweni.

Ndiponso pali zinthu zimene pepala silinganyamule, ngakhale wolembayo akhale wosamala chotani. Papepala manoti awiri oyandikana amalembedwa ofanana kutalika, koma woimba jazz amakoka yoyamba n'kufupikitsa yachiwiri, ndipo kakokedwe kameneka kamasintha malinga ndi liwiro la nyimbo komanso dzanja la munthu. Ndi chimene amachitcha swing. Wina amatsalira pang'ono m'mbuyo mwa ng'oma, wina amakhala ngati akuikankha. Noti ina amaimenya, ina amangoikhudza ngati akunong'ona. Zonsezi tab sikuuzani. Imangokuuzani poika chala, ngati mapu osonyeza pamene pali chitsime koma osanena kuti madzi ake ndi a mchere. Ngakhale buku lotchuka lija la Real Book, limene ophunzira ena a pa sukulu ya Berklee ku Boston anasonkhanitsa m'zaka za m'ma 1970 n'kumaligulitsa mobisa, linali ndi zolakwika zambiri. Anthu osamvetsera zimbale anaziloweza momwemo n'kumaziimba zaka ndi zaka, mpaka kampani ya Hal Leonard inatulutsa lovomerezeka ndi lokonzedwanso m'chaka cha 2004.

Chondiseketsa n'chakuti akatswiri amene anyamata athu akuloweza mapepala awo sanaphunzire motero. Wes Montgomery anayamba gitala ya nsambo zisanu n'imodzi ali kale bambo wapabanja ku Indianapolis. Mphunzitsi wake anali mbale za Charlie Christian, mnyamata amene ankaimba m'gulu la Benny Goodman kuyambira 1939 ndipo anamwalira m'chaka cha 1942 ali ndi zaka 25 zokha. Wes anamvetsera mbalezo usiku ndi usiku mpaka ma solo onse anamulowa m'zala, ndipo ntchito yake yoyamba yoimba inali yobwereza ma solo omwewo pamaso pa anthu. Kuwerenga manoti sanali nako ntchito kwenikweni. Kaliridwe kofewa kaja kamene lero anthu akukafunafuna m'masitolo kanachokera pa chala chake chachikulu, poti ankaimba ndi chala m'malo mwa kapulasitiki kokhwatchira nsambo kuti asasokoneze anthu ogona. Django Reinhardt wa ku France anapsa dzanja lamanzere m'chaka cha 1928, zala ziwiri n'kupuwala, ndipo manoti sankawerenga. Ma solo ake ankaimba ndi zala ziwiri zotsalazo. Lero anthu a zala zonse akutuluka nawo thukuta papepala.

Koma n'chifukwa chiyani ndikupita kutali chonsecho ngati kuti kwathu kuno kunalibe anthu? Agogo athu amene anapita ku migodi ya ku Johannesburg pa Wenela, ndi ena amene anakagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, pobwerera ankanyamula galamafoni yopukusa ndi dzanja, kabokosi ka masingano ndi mbale zingapo zokulunga m'bulangete. Mudzi wonse unkasonkhana kudzamva Spokes Mashiyane akuliza chitoliro cha kwela, kapena George Sibanda wa ku Bulawayo akukhwatcha gitala. Anyamata ankakhala pafupi ndi galamafoniyo, mawa lake n'kukafuna chigubu cha mafuta, chikopa cha mbuzi ndi waya wa buleki ya njinga. Pakutha sabata banjo yalira, nyimbo ija ili m'mudzi, koma itavala kale zovala zakwathu. Umu ndi mmene anabadwira magulu amene tinkawatcha ma jazz band, ambiri a iwo otchedwa maina a mitsinje ndi mapiri a kwawo, monga Likhubula ya Robert Fumulani ndi Chimvu ya Alan Namoko.

Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, anatola kwela ndi khutu ali ku Salisbury kumene bambo awo ankagwira ntchito. Pamene katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba m'misewu ya Blantyre m'chaka cha 1967, kwela inali itayamba kale kuzilala ku South Africa komwe inachokera, koma m'manja mwa anyamata awiriwa inali yamoyo. Daniel ankati akagwira gitala yekha, munthu womvera kunja kwa nyumba ankayesa kuti muli anthu atatu, poti chala chachikulu chinkayendetsa besi pamene chala cholozera chinkaimba nyimbo pamwamba. Namoko anali wosaona. Pepala akanaliwerenga ndi chiyani? Komatu chimbale chake cha Ana Osiidwa, chimene a John Lwanda anatulutsa pa kampani yawo ya Pamtondo m'chaka cha 1992, chinamveka mpaka ku Ulaya.

Ife a ku Ntcheu ndiye tisanamizire n'komwe kuti khutu tilibe. Chingoni chinatha m'makomo mwathu kalekale, lero tonse timayankhula Chichewa. Koma pitani ku Nkolimbo pa tsiku la Umhlangano mukamve nyimbo za ngoma. Mawu ena achingoni akadali momwemo, mayankhidwe a amayi akadali momwemo, ndipo phazi la bambo wonyamula chishango limagwa pansi pa nthawi yake yeniyeni, anthu makumimakumi ngati munthu mmodzi. Nyimbo zimenezi zayenda kuchokera nthawi imene Inkosi Gomani Chikuse anali asanaphedwe ndi Angerezi m'chaka cha 1896 kufika lero. Anazilemba papepala ndani? Anazisunga ndi makutu a anthu, mwana kumvera atate ake, mtsikana kumvera azakhali ake pa msindo. Ndiye mdzukulu wa anthu oterewa lero aziti sangatole kachigawo ka solo popanda tab? Abale, tisachititse manyazi mizimu.

Tibwere ku matenda achiwiri. Awa ndi oopsa kuposa oyamba chifukwa amadya ndalama, ndiponso amapatsa munthu chonamizira. Gitala ya Gibson ya mimba yaikulu imene anyamata amaisirira pa zithunzi, mtengo wake mukhoza kugula ng'ombe zingapo ku Bwanje. Mnyamata wogulitsa kachewere pa Tsangano adzaipeza liti? Ndiye amakhala pansi kudikira, gitala yake ya bokosi ili pakona ikuchita fumbi, bandulo yonse ikuthera pa makanema a azungu oyerekeza ampu iyi ndi iyo. Lero wamva kuti chinsinsi ndi nsambo zosalala, mawa akuti ndi kabokosi koponda kaja, mkuja akuti ndi mtengo umene anapangira gitalayo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Amene amapanga makanemawo ambiri ndi amalonda, ndipo wamalonda sangakuuzeni kuti chimene mukusowa muli nacho kale m'mbali mwa mutu wanu.

Zoona zake n'zakuti kaliridwe ka munthu kamakhala m'zala. Joe Pass anajambula chimbale cha Sounds of Synanon, chimene chinatuluka m'chaka cha 1962, ndi gitala ya Fender imene sinali yake, ya mtundu umene oimba jazz ambiri a nthawiyo sankaugwira n'komwe. Mvetserani, mumuzindikira kuti ndi Joe Pass. Charlie Parker pa konsati yotchuka ya ku Massey Hall ku Toronto m'chaka cha 1953 analiza sakisofoni ya pulasitiki, ndipo chimbale cha tsiku limenelo anthu akuchiphunzirabe. Sindikunena kuti chida chilichonse n'chabwino ayi. Gitala yopindika khosi, yosamva kuchuna, imapha khutu la wophunzira, ndipo imeneyo ndi yofunika kukonza kapena kusintha. Nsambo zadzimbiri n'zofunika kuchotsa. Woimba pagulu afunika ampu yomveka. Malire ndi amenewo. Zotsalazo n'zokometsera, ndipo chokometsera sichilowa m'malo mwa ndiwo.

Pamenepa ndiwakhudzeko pang'ono akuluakulu ena amene amakonda kugawa zida. Mipingo imasonkha ndalama miyezi ndi miyezi kugula kiyibodi, magitala ndi masipika otalika ngati nkhokwe. Andale nawo ikayandikira kampeni amatsitsa zida pa bwalo, atolankhani n'kujambula. Koma ndani mwa iwo anayamba walipirapo mphunzitsi woti akhale ndi anyamatawo miyezi itatu? Chida chimaoneka pa chithunzi, mphunzitsi saoneka, nkhani yake ndi imeneyo. Mapeto ake tili ndi matchalitchi aphokoso lofika kutsidya la mtsinje, koma oimba ake sangasinthe kiyi mayi woyambitsa nyimbo akayambira pamwamba. Amangodina batani la pa kiyibodi, woimba gitala n'kutsala m'malere.

Ndikudziwa kuti ena anola kale mapensulo kuti andiyankhe. Anena kuti munthu wosawerenga manoti sangalembedwe ntchito m'gulu lalikulu kapena mu situdiyo ya kunja. Akunena zoona, ndipo ine sindinati pepala liotchedwe. Makwaya a ku Mlanda ndi ku Gowa akhala akuimba ndi solofa kuyambira kale, ndipo palibe amene anagontha nayo. Mkangano wanga uli pa ndondomeko: chiyambe n'chiti? Mwana amayamba wayankhula, kenaka ndiye amapita ku sukulu kukaphunzira a, e, i, o, u. Amene angaphunzitse khanda kulemba lisanatchule "amama" tingamuthamangitse m'mudzi. Phunzirani kuwerenga ndithu, koma kuti muzilemba zimene khutu lanu lamva.

Ena anena monyoza kuti za Namoko ndi Kachamba si jazz, ndi nyimbo za pa mowa. Chabwino, si bebop ya ku New York, ndipo eni akewo sananene kuti ndi imeneyo. Koma jazz ya ku America nayo inakulira m'malo omwera mowa ndi movinira, sinabadwire m'kalasi. Ndiponso tafunsani kuti oimba a kuno ku Africa amene dziko linawatchera khutu linawamvera chifukwa chiyani. Philip Tabane wa ku Mamelodi anagonjetsa magulu a jazz pa mpikisano wa pa Orlando Stadium m'chaka cha 1964 ndi gitala, chitoliro ndi ng'oma za makolo. Ray Phiri, amene gitala yake imamveka pa chimbale cha Graceland cha Paul Simon cha 1986, analeredwa ndi bambo wochokera kuno ku Malawi amene ankaimba gitala, ndipo anayambira pa iwowo. Wambali Mkandawire, amene anatisiya m'chaka cha 2021, anatenga nyimbo za Chitumbuka n'kuzipatsa makodi a jazz osazichotsa fungo la kwawo. Erik Paliani anafika poyendetsa ntchito yojambula chimbale cha Phola cha Hugh Masekela cha 2009. Masekela akanafuna munthu wongobwereza George Benson akanamupeza pa khomo pomwepo ku Johannesburg. Anthu onsewa anaiphunzira jazz ya ku America mwakhama, koma anapita nayo kwawo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Tsono kwa mnyamata amene wandipirira kufika pano, nayi njira, ndipo siifuna khobidi. Sankha nyimbo imodzi yokha, makamaka blues, poti imazungulira pa timagawo 12 timene oimba amati ma bar. Uimvere masiku angapo osagwira gitala, popita kumunda, pochapa, pogona. Kenaka tenga kachigawo kakang'ono ka solo, ka masekondi asanu, ukaimbe ndi pakamwa mpaka ukathe bwinobwino. Chimene pakamwa palephera, chala sichingathe. Ukatero ndiye kafune pa gitala. Akale ankachepetsa liwiro la mbale kuchoka pa 33 kufika pa 16 kuti amve manoti othamanga, ndipo mawu ankatsika n'kumamveka ngati ng'ombe. Iwe YouTube imakuchepetsera liwiro ndi theka mawu osatsika, mwayi umene Wes Montgomery sanaulote. Ukakapeza kachigawoko, kaimbe m'makiyi ena, usinthe mathero ake, ukayese pa nyimbo ya ku tchalitchi. Kulemba kubwere pomalizira. Ukachita chimodzimodzi ndi nyimbo ya Kachamba udzaona wekha kuti kwela imazungulira pa do, fa, do, so, pamene jazz ya ku America imakonda kubwerera kwawo podzera pa re, so, do. Ndi njira ziwiri zopita kumudzi umodzi, ndipo wodziwa zonse ziwiri sasochera. Pomaliza, funa anzako. Woimba besi, woimba ng'oma, ngakhale wa babatoni. Jazz ndi macheza, ndipo munthu sacheza ndi foni.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndasunga kumapeto. Ma solo a Charlie Parker anasindikizidwa m'buku la Omnibook m'chaka cha 1978, ndipo lero mwana wa ku Ntcheu akhoza kulipeza pa foni. Koma mwana yemweyo akafuna kudziwa mmene Daniel Kachamba ankachunira gitala yake, kapena mmene Ndiche Mwarare ankatsetserezera nsambo pa kaimbidwe kaja ka hauyani, apite kuti? Amene anakhala pansi n'kulemba za abale a Kachamba ndi Kubik, m'buku limene linatuluka m'chaka cha 1974, ndipo amene anapitiriza ntchito yotere kuno kwathu ndi a Moya Malamusi a ku Chileka komweko. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 zimasungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Donald Kachamba anaitanidwa kukaphunzitsa ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku America m'chaka cha 1999. Daniel anamwalira mu 1987, Namoko mu 1995, Donald mu 2001. Azungu anawamvera ndi makutu awiri, ife tili kalikiliki kuloweza ma tab.

Ndiye ngati anyamata athu akufunadi mapepala, mapepala ofunika kulemba ndi amenewa. Kuyambira pamene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, MBC kwa zaka zambiri ndiyo inali malo aakulu ojambulirako oimba a dziko lino, ndipo zimene inajambulazo ndi chuma cha fuko. Zifike m'makutu mwa ophunzira. Aphunzitsi a zoimba ku yunivesite ku Zomba ndi ku Music Crossroads ku Lilongwe alamule kuti wophunzira gitala asalandire satifiketi asanatole ndi khutu lake nyimbo ya woimba mmodzi wa kuno kwathu n'kuilemba. Zolembazo zisonkhanitsidwe zikhale buku, ndipo COSOMA ionetsetse kuti mabanja a eni nyimbo alandirapo kanthu. Nafenso a ku Ntcheu tisadikire a ku Zomba. Agogo odziwa nyimbo za ngoma, za msindo ndi za uyeni akadalipo kwa Njolomole, kwa Ganya, kwa Mpando ndi kwa Kwataine, koma sakhala mpaka kale. Foni yomweyo imene yadzaza zithunzi za Gibson ili ndi pojambulira mawu. Pitani mukagwade, mupemphe, mujambule, mukafune nyimbozo pa gitala. Mukachedwa mudzazipeza ku Ulaya, ndipo adzakugulitsani ndi madola.

Amene ali ndi mawu otsutsa alembe, tsamba lino ndi la tonse. Koma asanalembe ayambe watola ma bar anayi a Charlie Christian ndi anayi a Daniel Kachamba ndi khutu lake, popanda kandimverere. Akatero tidzakambirana ngati anthu odziwana.